Tsitsi la Sondor

Sizasi tinali titagula kale,
kansalu kabuluu komangira pa chigwiriro
kali m'bokosi pansi pa bedi.
Kuno ku Ulaanbaatar mwana sametedwa chisawawa:
pamakhala tsiku lake, abale adzaze nyumba,
aliyense adule pang'ono, asiye mphatso.
Sondor akwanitsa zaka zinayi chaka chino.
Tsitsi lake silinadikire.

Ndinalipeza pa pilo Lachiwiri m'bandakucha
ndisanapite kukayendetsa basi.
Kuseri kwa khutu, kadazi
kozungulira ngati pakamwa pa kapu,
kosalala, kopanda bala, kopanda nkhanambo.
Amake anati ndi utsi wa malasha
umene umagona pa phiri lathu dzinja lonse lachisanu.
Apongozi anati tamusambitsa mopyola.
Ku sukulu ya mkaka anati chipere,
asabwere mpaka tione kalata.

Chipatala cha ana, nsanjika yachitatu,
chitseko cholembedwa: khungu, tsitsi, zikhadabo.
Sindinkadziwa kuti zitatuzi zili ndi chitseko chawochawo.
Pa benchi mnyamata wovekedwa masokosi m'manja
kuti asakande chikanga,
khanda la chibadwa chofiira pa chikope,
mtsikana wobisa zala m'khwapa.
Tonse tavula zipewa zaubweya, kupatula Sondor.

Dokotala Tungalag sanamuvule.
Anayamba wawotha manja pa chitsulo chotenthetsera chipinda,
nati, tandibwereka chipewacho, mwina chindikwana.
Sichinawakwane. Sondor anaseka, mutu uli poyera.
Kagalasi ka nyali kanayenda pa dazi
pang'onopang'ono, ngati wofuna singano pa kapeti.
Kenaka: tione zala.
Mumtima ndinati, ife tadzera mutu.
Koma pa zikhadabo panali timaenje,
ngati wina anazibaya ndi nsonga ya phini,
ndipo ine, wowenga zikhadabozo Loweruka lililonse,
sindinatione.

Si chipere, iwo anatero. Sapatsira mnzake.
Si utsi, si sopo, si inu.
Mawu awiri omalizawo ndinawameza
ngati tiyi wamchere wotentha pakhosi pouma.
Asilikali a m'thupi mwake asokonezeka,
akuyesa mizu ya tsitsi ndi adani.
Koma mizu ilipo. Yangogona.

Ndinafunsa, idzuka liti?
Anati, sindikunamizani bambo, sindikudziwa.
Lingathothoke penanso lisanabwerere.
Mafuta awa m'mawa ndi madzulo,
ochepa ngati njere ya mpunga.
Analemba kalata ya kusukulu, nadinda mwamphamvu
mpaka cholembera chinagwa pa tebulo.

Chala changa chong'aluka ndi chisanu
chinaphunzira kufatsa.
Ndinkapaka kuli mdima, iye ali mtulo,
mpweya wake ukununkha mkaka.
Dazi lachiwiri linabwera pamwamba pa khosi.
Ndinalira m'basi, pa mphambano,
nyali itafiira, okwera osadziwa.
Masabata asanu ndi limodzi, benchi lomwelo.
Enanso asanu ndi limodzi.
Mnyamata uja tsopano wavula masokosi,
akuwerenga zala zake ngati wangozigula.

Madzi oundana a mumtsinje wa Tuul atayamba kusweka,
dokotala anandipatsa kagalasi: taonani nokha.
Timaubweya toyera, tosalimba,
ngati ta mwana wa nkhosa wobadwa usiku.
Loyera? Mwana wa zaka zinayi, imvi?
Limayamba choncho, anatero, mtundu umabwera m'mbuyo.
Osalonjeza zambiri. Ine osapempha zambiri.

Tsiku lija linafika.
Nyumba inadzaza nsapato ndi nthunzi ya nyama.
Amalume ake Gombosuren anatenga sizasi,
kansalu kabuluu kakulendewera,
nadula lakuda, lalitali, la pamphumi.
Sizasi inayenda dzanja ndi dzanja.
Itafika kwa ine, ndinaima kuseri kwa khutu lija.
Sondor anaphimbapo ndi chikhatho,
timaenje tikuoneka pa zikhadabo zake:

Apa musadule, ababa.
Ameneyu ndi mlendo, wafika kumene.